Cingwe Cabuluu ca pa Citsime Cathu

Mwezi uno ndifuna kuceza nanu za cinthu cimene ciri pakhomo pa banja liri lonse, koma sitimacilabadira. Ndikunena cingwe cija ca pulasitiki, kawirikawiri cabuluu, nthawi zina cacikasu kapena cobiriwira, cimene ambiri a ife timangocicha "nailoni". Ndico cimatunga madzi pacitsime, ndico cimamanga matumba a cimanga pangolo ndi makala panjinga, ndico cimagwira mbuzi kudambo, ndiponso ndi pamene amai amayanika zobvala. Timacigula mosaganizira, timacisiya pali ponse, ndipo timacikumbukira tsiku lokhalo limene caduka. Ine nzeru yocisamala ndinaitola mocedwa, ndipo cimene cimandiwawa kufikira lero n'cakuti amene anamva kupweteka cifukwa ca kusasamala kwanga si ine ai, koma mwana wa mlongo wanga.

Pakhomo pathu, m'mudzi wina wa m'boma la Katete, pali citsime cimene tinakumba kalekale. Kuya kwace kunali mamita 14, ndipo mabanja 6 amamwa pamenepo. Pamwamba pace panalibe denga. Panali mphanda ziwiri ndi mtengo wopingasa, ndipo cingwe cinali kudutsa pa mtengowo potsitsa ndi pokweza ndowa. Mu Juni 2021, nditagulitsa nshawa, ndinapita ku Chipata n'kugula mamita 20 a cingwe cabuluu ca mamilimita 10 kunenepa kwace. M'sitolomo munali mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Sindinafunse kusiyana kwace. Ndinangoloza wotsika mtengo, n'kulipira, n'kukwera basi. Kuyambira tsiku limenelo cingweco sicinalowepo m'nyumba. Ana akatha kutunga anali kungocikoloweka pa mtengo wopingasa uja, ndipo dzuwa linali kuciomba kucokera m'mawa mpaka madzulo, caka ndi caka.

Mai a kunyumba kwanga ndiwo anayamba kuona kuti zinthu sizirinso bwino. Tsiku lina anati, "Inu abambo, cingwe cija cakalamba. Tikatunga madzi m'manja mumatsala fumbi lotuwa ngati ufa, ndipo timinga tace tikulasa ana." Ine ndinayankha mwacidule monga munthu wodziwa zinthu, ndinati, "Pulasitiki saola. Fumbi limenelo ndi la mphepo cabe." Iwo sanabwerezenso.

Nonse mukukumbukira cilala ca 2024. Mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga cinapserera m'minda cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Pofika mu Okutobala, m'citsime cathu munangotsala matope. Tinapangana kuti ticiwonjezere kuya, ndipo tinaitana mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nafe amene wakhala akukumba zitsime kuyambira ife tiri anyamata. Popeza iye mawondo anali atayamba kumubvuta, panafunika mnyamata woti atsike. Mlongo wanga, amene ndi wamasiye, analola kuti mwana wace wa zaka 19 agwire nchitoyo, pakuti anati atsibweni ace alipo, adzamuyang'anira.

Mkuluyo anabwera ndi cingwe cacecace, cacikulu, cimene anacitulutsa m'thumba monga munthu atulutsira cobvala ca paukwati. Cimeneco cinali cotsitsira ndi kukwezera munthu. Ataona canga, anacigwira pang'ono, n'kupukusa mutu. Anati, "Aphunzitsi, cingwe canu ici ine ndacikana. Tumani mwana akagule cina." Koma sitolo inali kutali, ndalama zonse zinali kuthera kugula cimanga, ndipo ine ndinali ndi cangu. Ndinati, "Agogo, cingweci catumikira zaka zitatu osaduka, lero cidukirenji? Munthu atsike ndi canu, cangaci cizingokweza matope." Mkuluyo anangokhala cete. Ndikhulupirira kuti anacita manyazi kutsutsana ndi munthu amene amaima kutsogolo kwa anthu Lamulungu liri lonse.

Cimene sindinawerengere ndi ici: ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogramu 20, koma ikadzaza matope ndi miyala imalemera pafupifupi kawiri. Ndowa 6 zinakwera bwino. Yacisanu ndi ciwiri itatsala pang'ono kufika pamwamba, anyamata awiri amene anali kukoka anangogwa cagada, cingwe ciri lende m'manja mwao. Pansi tinamva phokoso, kenaka kunangoti zii. Patapita kamphindi, kamene kwa ine kanali ngati caka, tinamva mau akuti, "Atsibweni, ndafa ine!" Mwai wace unali wakuti ndowayo inayamba yagunda khoma la citsime, conco inaphonya mutu n'kumugwera paphewa. Mkulu uja, ndi mawondo ace obvutawo, ndiye anatsika kukam'manga mnyamatayo, ife n'kumukokera kunja. Kucipatala anatiuza kuti fupa la pakati pa khosi ndi phewa lathyoka.

Mlongo wanga atafika sanakalipe, ndipo kukadakhala bwino akadakalipa. Anangondiyang'ana nati, "Alongo, mwanayu ndinam'pereka m'manja mwanu. Nanga mvula ikagwa, munda wanga alime ndani?" Ndinasowa coyankha.

M'mawa mwace mkulu wokumba zitsime uja anabwera kunyumba atanyamula cidutswa ca cingwe cija. Anakhala pakhonde, n'kucipota mobweza kuti nkhosi zace, ndiko kuti tizingwe titatu topotedwa pamodzi tija, zitseguke. Anakanda ndi cikhadabo, ndipo panagwa fumbi. Anasolola kaulusi kamodzi, n'kukakoka ndi zala ziwiri, ndipo kanathyoka ngati udzu wouma. Anandionetsanso pamene cinadukira: panali pomwe paja cinali kukhala pa mtengo wopingasa masiku onse, poonda ndi ponyezimira. Anati, "Luzi likatopa limalira, khonje likaola limada ndi kununkha. Ici sicilira, sicinunkha. Cimangotuwa, ndipo wosadziwa amati ndi fumbi." Pamenepo ndinakumbukira kuti mau a akulu akoma akagonera. Masabata amene mphwanga anali kucira ndinawathera kufunsa ndi kuwerenga za cingwe cimeneci, ndipo zimene ndinapeza ndikugawirani, kuti inu musaphunzire monga ndinaphunzirira ine.

Coyamba, cingwe cimeneci si nailoni konse. Dzina la pulasitiki wace ndi polypropylene, ndipo amam'panga kucokera ku mpweya wochedwa propylene umene umapezeka poyenga mafuta a pansi pa nthaka. Katswiri wa ku Italy, Giulio Natta, anapeza njira yopangira pulasitiki ameneyu wolimba mu 1954, potsata nchito ya Karl Ziegler wa ku Germany. Mu 1957 kampani ya Montecatini inayamba kum'panga wambiri wogulitsa, ndipo mu 1963 akatswiri awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Nailoni ndi wamkulu msinkhu, pakuti anapangidwa mu 1935 ku America ndi Wallace Carothers wa kampani ya DuPont. Mwina n'cifukwa cace ulusi uli wonse wa pulasitiki timangoucha nailoni. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosabvuta. Dulani kacidutswa, mukaponye m'beseni la madzi. Kakayandama, ndi polypropylene, cifukwa ndi wopepuka kuposa madzi. Kakamira, ndi nailoni kapena polyester. Nailoni weniweni ndi wolimba kwambiri, amatamuka kwambiri, amapirira dzuwa koposa, ndipo mtengo wace ndi wokwera. Zingwe zambiri zimene timagula pamsika ndi zoyandama.

Makolo athu anali kusenda luzi la mombo ndi la mlambe, ndi kupota khonje pa nchafu. Khonje nalo ndi lobwera: kwao ndi ku Mexico, ndipo Richard Hindorf ndiye analifikitsa ku Tanganyika mu 1893. M'zaka za m'ma 1960 dziko la Tanzania linali patsogolo pa maiko onse polima khonje, koma zingwe za pulasitiki zitaculuka malonda ace anagwa, ndipo minda yambiri inasiyidwa. Polypropylene anapambana pa zifukwa zomveka. Ndi wotsika mtengo, ndi wopepuka ponyamula, samwa madzi, saola m'cinyontho, ciswe sicim'dya, ndipo feteleza ndi mankhwala ambiri samuononga msanga. Asodzi amam'konda cifukwa cingwe cikagwera m'madzi sicimira. Zonsezi ndi zoona, ndipo ine ponena kuti pulasitiki saola sindinaname. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti cosaola sicitha mphamvu.

Mdani wamkulu wa cingwe cimeneci ndi dzuwa. Umboni wace muli nao pakhomo panu, pakuti matumba a ufa a makilogramu 25 ndi a feteleza a makilogramu 50 amalukidwa ndi pulasitiki yemweyu. Thumba limene mwasunga m'nyumba limakhala zaka zambiri. Koma limene mwachingira bafa kapena mwafunditsa nkhokwe, pakatha cilimwe cimodzi limang'ambika ngati pepala, ndipo mukaligwira limanyenyeka. M'dzuwa muli kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kochedwa ultraviolet, kumene kumaduladula pulasitiki kuyambira kunja kulowa m'kati. Kuno kwathu kuwala kumeneku ndi kwamphamvu, cifukwa tiri m'dziko lotentha ndiponso lokwera. Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kucokera pa nyanja yamcere. Opanga zingwe zabwino amasakaniza mankhwala ocedwetsa kuonongeka kumeneku, ndipo cingwe cakuda kawirikawiri cimapirira dzuwa kuposa ca mitundu yowala. Zingwe zotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri zimakhala ndi mankhwala ocepa, kapena zimapangidwa ndi pulasitiki wakale wosungunulidwanso. Dziwaninso kuti cingwe coonda cimatha msanga kuposa conenepa, pakuti dzuwa silicedwa kufika pakati pace.

Mdani waciwiri ndi kutentha. Polypropylene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, pamene nailoni amapitirira madigiri 200, ndipo cingwe cimayamba kufooka kutentha kusanafike n'komwe pamenepo. Sipafunika moto kuti izi zicitike. Ana akataya ndowa m'citsime, cingwe n'kumathamanga pa mtengo wopingasa, kukhuzana kokhako kumasungunula ulusi wa kunja. Malo onyezimira ndi olimba ngati galasi amene mkulu uja anandionetsa anabwera motero. Conco cingwe cisayandikire mbaula, cisakhudze paipi ya utsi ya njinga yamoto kapena ya lole, ndipo ndowa izitsitsidwa pang'onopang'ono.

Mdani wacitatu ndi mcenga ndi zinthu zakuthwa. Cingwe cokokedwa pansi cimatola timiyala timene timalowa pakati pa nkhosi, ndipo nthawi iri yonse cikakungika timiyalato timaceka ulusi ngati timipeni. M'mphepete mwa malata, pa milomo ya simenti ya citsime, pa zitsulo za ngolo ndi pa waya wogwirira ndowa ndi pamene zingwe zambiri zimathera. Pa malo otere ikani cidutswa ca paipi ya mphira, ca thayala lakale, kapena nsanza zocindikala.

Mdani wacinai ndi mfundo. Mfundo iri yonse imapinda ulusi mwamphamvu, ndipo ingacepetse mphamvu ya cingwe mpaka theka. Cingwe codzaza mfundo zolumikizira sicirinso cingwe codalirika. Kuwonjezera apo, polypropylene ndi woterera, kotero mfundo imene imagwira bwino pa khonje, pa iye imamasuka yokha. Pomanga, zungulizani kawiri m'malo mwa kamodzi, siyani nsonga yaitali ngati cikhatho, ndipo nsongayo muimangenso. Njira yabwino koposa ndiyo kulukanitsa nkhosi, monga acitira asodzi ndi oyendetsa malole akale: mumamasula nkhosi za kunsonga n'kuzilowetsa pansi pa nkhosi za cingwe comweco. Kulumikiza kotere kumasunga pafupifupi mphamvu yonse. Pa khonje kulowetsa katatu kumakwana, koma pa cingwe coterera ici lowetsani kasanu. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu wodziwa luso limeneli, khalani naye pansi madzulo amodzi akuphunzitseni.

Tsono tinene za kugula. Musanalowe m'sitolo dzifunseni kuti cingweco cikagwira nchito yanji, ndi kuti ndani adzakhala pansi pa katundu wace. Cingwe cabwino catsopano ca nkhosi zitatu, ca mamilimita 6, cimaduka ndi katundu wa makilogramu pafupifupi 600. Ca mamilimita 10, pafupifupi 1,500. Ca mamilimita 12, pafupifupi 2,000. Koma manambala amenewa asakunyengeni. Ndi a cingwe catsopano, copanda mfundo, coyesedwa ndi makina kufakitale. Pa nchito ya masiku onse gawani nambalayo ndi 5, ndipo ngati katundu ndi wogwedezeka, kapena pali munthu pafupi, gawani ndi 10. Ndiye kuti ca mamilimita 10 cisanyamule kupitirira makilogramu 300, ndipo pa nchito yoopsa cisapitirire 150. Taonani tsono: cingwe ca msinkhu wa canga cija, cikakhala cabwino ndi catsopano, cimafuna makilogramu 1,500 kuti ciduke, canga cinaduka ndi ndowa yosafika makilogramu 40. Mphamvu yonse yotsalayo inadyedwa ndi dzuwa ndi mtengo wopingasa, ine ndikuona.

M'sitolo musacite manyazi kucigwira cingwe. Cipoteni mobweza muone m'kati. Nkhosi zonse zikhale zofanana kunenepa, zopotedwa mothina, za mtundu umodzi kunja ndi m'kati. Kandani ndi cikhadabo. Cingwe catsopano sicitulutsa fumbi. Musagule mpukutu umene wakhala pakhonde la sitolo miyezi yambiri kuitanira makasitomala, pakuti dzuwa layamba kale kuudya; pemphani wa m'kati. Ngati pa mpukutu pali pepala, onani ngati alembapo zilembo za UV, zimene zitanthauza kuti anaikamo mankhwala aja oteteza ku dzuwa. Ca pacitsime cikhale ca mamilimita 12 kapena kuposa, cifukwa coonda cimaceka manja a ana ndi a amai. Gulani mamita 2 kapena 3 oposa amene mukufuna, kuti muzitha kudula nsonga ikaperepeseka. Ndipo pakakhala mitundu iwiri, funsani kusiyana kwace. Ndalama zimene ine ndinapulumutsa tsiku lija ku Chipata sizinakwane ngakhale kulipira galimoto imene inatengera mphwanga kucipatala.

Mukafika naco kunyumba, yambani ndi nsonga. Kulungani ulusi kapena tepi pamene mufuna kudula, dulani, ndipo nsongayo muisungunule pang'ono ndi lawi la kandulo kuti nkhosi zisamasuke. Citani zimenezi panja, ndipo musagwire ndi cala, pakuti pulasitiki wosungunuka amamatirira pakhungu n'kusiya cilonda cakuya. Psinjani ndi kamtengo konyowa. Ngati mwagula mpukutu wathunthu, ugonekeni pansi, mutenge nsonga ya pakati, ndipo cingwe cizituluka mozungulira mosemphana ndi mivi ya wochi. Cikatuluka mbali inayo, tembenuzani mpukutuwo. Pocikulunga mukatha nchito, tsatani mivi ya wochi. Zingwe zambiri za nkhosi zitatu zimapotedwa kotero kuti mukacita mosemphanitsa zimapindikapindika, ndipo pamene papindika pamakhala pofooka.

Pogwiritsa nchito, pali malamulo ocepa amene ndikupemphani muwaphunzitse ana anu. Musakulunge cingwe kudzanja mukagwira ng'ombe, cifukwa ikadzidzimuka cingwe cidzakucekani kapena kukukokerani pansi. Musaime pafupi ndi cingwe cokungika, makamaka pamene anthu akukoka galimoto yotitimira m'matope. Cikaduka cimabwerera ngati cikwapu, ndipo cingathe kuphulitsa diso kapena kuthyola mwendo. Katundu wa pangolo kapena palole muzimuonanso mukayenda pang'ono, pakuti cingwe cimeneci cimatamuka pang'onopang'ono cikakhala cokungika. Mbuzi musaimange mwendo ndi cingwe coonda. Ibvekeni kansalu kapena cikopa cofewa m'khosi, ndi mfundo yosathina yokha. Koposa zonse, munthu asakhale pansi pa katundu wolendewera. Ngati nchito ikukakamiza, monga pokumba citsime, wokumbayo akhale ndi cisoti colimba ndi thabwa lobisalapo pamene ndowa ikukwera, ndipo zingwe zonse ziwiri, ca munthu ndi ca ndowa, zikhale zatsopano ndi zoyesedwa. Ine ndinasamala cingwe cotsitsira munthu, ndinaiwala kuti cingwe ca matope naco cinali pamwamba pa mutu wa munthu yemweyo.

Cingwe ca pacitsime ciri ndi bvuto linanso: cimalowa m'madzi amene timamwa. Cikagona pansi pamene papita nkhuku, nkhumba ndi mapazi a anthu, zonse zimene catola cimakazitsuka m'citsime. Mliri wa kolera umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 n'kufalikira mu 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo kolera amayenda ndi madzi oipa. Conco cingwe ndi ndowa ya pacitsime zikhale zacezace, zisagwire nchito ina, ndipo zikhale ndi pokoloweka pamthunzi.

Kusamala cingwe sikulira ndalama. Cikada, citsukeni ndi madzi oyera, muciyanike pamthunzi, mucikulunge, mucikoloweke pa msomali m'nyumba, kutali ndi moto ndi makoswe. Ca pacitsime muzicitembenuza pakapita miyezi ingapo, nsonga ya kundowa ipite kumtengo, kuti malo amodzi asamakhuzike okha. Kamodzi pamwezi cidutsitseni conse m'manja mwanu kucokera kunsonga kufika kunsonga, pakuti manja amaona zimene maso aphonya. Zizindikiro zakuti catha ndi izi: mtundu watuwa ndipo cikutulutsa fumbi, cikulasa ndi timinga ta ulusi wothyoka, pali malo oonda, olimba kapena onyezimira, nkhosi imodzi yaduka kapena yatumphuka, kaulusi kamodzi kakuthyoka mosabvuta ndi zala. Mukaona cimodzi mwa zimenezi, musanene kuti cikali ndi masiku. Ngati bvuto liri pa malo amodzi, dulani pamenepo. Ngati ndi fumbi la dzuwa, cingwe conse catha.

Cingwe cakutha ciduleni m'zidutswa zazifupi, kuti wina asacitole n'kukacipatsa nchito yaikulu. Zidutswazo zingamange mpanda wa dimba kapena mitolo ya nkhuni. Koma musazitaye kudambo kapena kukhola. Ng'ombe ndi mbuzi zimameza zingwe ndi mapepala a pulasitiki, ndipo zimenezi sizigayika. Zimaunjikana m'cifu, ciweto n'kumaonda ngakhale msipu ulipo, mpaka kufa. Amene amapha mbuzi pamsika adzakuuzani zimene amapeza m'mimba. Musazitenthenso pa moto wophikira, cifukwa utsi wace si wabwino kuupuma.

Mphwanga anakhala masabata 8 dzanja liri m'nsalu yokoloweka m'khosi. Mvula itagwa ndinatenga ng'ombe zanga n'kuyamba ndalima munda wa mlongo wanga, wanga n'kudza pambuyo. Imeneyo sinali mphatso, inali ngongole. Lero mnyamatayo akugwira nchito zonse, koma m'mwezi wa Juni kukazizira ndimamuona akusisita phewa lace, ndipo sanena kanthu. Mai a kunyumba kwanga nao sananenepo kuti "ndinakuuzani".

Citsime tinacimaliza ndi cingwe catsopano, ndipo madzi anabwerera. Tinamangapo kadenga ka udzu, pa mtengo wopingasa tinabvekapo paipi yosalala, ndipo tinagula cingwe cakuda ca mamilimita 12. Tsiku limene tinacimanga ndinalilemba ndi penti pa mphanda, kuti pasakhale wonena kuti cikali catsopano pamene zaka zapita. Mabanja onse 6 tinapangana kuti caka ciri conse tikakolola tizisonkha ndalama ya cingwe cina, ngakhale cakaleco cikuoneka bwino. Tinapangananso kuti ali yense wotunga madzi, ngakhale mwana, ali ndi ufulu wonena kuti cingwe catha, ndipo akulu tiyenera kupita kukaona.

Abale anga, mukatha kuwerenga tsamba lino, tulukani panja mukatenge cingwe ca pakhomo panu, ca pacitsime, ca pangolo kapena ca mbuzi. Cipoteni mobweza, mukande ndi cikhadabo, musolole kaulusi kamodzi mukakoke. Ngati m'manja mwanu mwatsala fumbi lotuwa, musadikire mawa. Tidzacezanso mwezi wamawa.